Zitseko Zopanda Chogwirira

Ndinaganiza zopita ku Halale chaka chimene mtedza wathu unapsa ndi dzuwa usanakhwime. Ndinali nditangokwatira Esinati, mwana wa ku Madzimoyo, ndipo ng'ombe zonse zimene atate anatisiyira zinali zitapita kwao monga malowolo. M'khola munatsala ndowe zokha. Amesenjala a msonkho anali atayamba kale kuzungulira m'midzi ya ku Chiparamba, ndipo Esinati anali ndi pathupi. Tsiku lina tikuchokera kumunda ndinamuuza kuti ndipita kukagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndigule njinga ndi pulawo, ndibwerere. Iye sanakane, sanavomerenso. Anangofunsa ngati mwana akabadwa adikire ine kudzamutcha dzina. Ndinati asadikire.

Inali nthawi ya Chitaganya, pamene azungu analumikiza dziko lathu ndi Nyasalande ndi dziko la kummwera kumene kuli Halale, ndipo tauni imene lero mukuti Chipata inali Fort Jameson. Kumeneko ndinakwera lole ya ulere imene inkanyamula anthu opita kukafuna ntchito. Mng'ono wanga Damiyano, amene anali kumaliza sukulu ya amishoni, anandiperekeza mpaka pamsewu. Anandilonjeza kuti makalata a mlamu wake azilemba ndi iye, popeza Esinati sanapite kusukulu.

Ku Halale tonse olankhula Chinyanja ankatitcha Manyasalande, kaya unachokera ku Dedza kaya ku Katete. Tinkagona amuna okhaokha m'hositelo, aliyense bokosi lake lokiya pansi pa bedi. Anthu anali thithithi, koma ine sindinakhalepo ndekha ngati mmene ndinakhalira kumeneko. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndinkangoyendayenda pamsika, ndipo ndikamva munthu akulankhula ngati wakwathu ndinkamutsatira pang'ono, osamulankhula, kungomvera mawuwo. Kalata ikabwera ndinkaiwerenga mpaka kung'ambika m'mapindo. Ndi m'kalata mmene ndinamvera kuti kwabadwa mwana wamkazi ndipo amutcha Malita. Pakutha pa mwezi ndinkatumiza ndalama kupositi, yotsala inali ya ufa ndi matemba basi.

Nditagwira ntchito za apa ndi apo, ndinalembedwa pa galaji ya mzungu wina monga wosesa. Kumbuyo kwa galajiyo kunali kachipinda ka che Amidu, Myao wachikulire amene ankasoka mipando ya magalimoto ndi kukonza m'kati mwa zitseko. Ataona kuti ndimaima pakhomo pake nthawi yopuma, anapempha kapitawo kuti andipereke kwa iye.

Anthu ambiri sadziwa kuti chitseko cha galimoto ndi chibowo m'kati, ndipo chimene munthu amatsamirapo ndi bolodi yopyapyala yokutidwa ndi nsalu yonga chikopa. Mvula ikalowera pagalasi, bolodiyo imafufuma ndi kupindika, ndiye mwini wake amabwera kwa ife. Che Amidu anandiphunzitsa kuyamba ndi chogwirira chotsegulira chitseko ndi chopukusira galasi. Zonse ziwiri zimagwidwa ndi kapini kobisika. Umakankha bolodi m'kati, n'kukatulutsa ndi msomali. Kenaka umalowetsa chitsulo chaphanthiphanthi chokulunga nsanza m'mphepete, n'kumatsomphola tizitsulo togwira bolodi kamodzikamodzi. Ukakoka ndi mphamvu, bolodi imang'ambika ndipo bwana amadula malipiro. Bolodi yakaleyo tinkaigoneka pa yatsopano, kulemberera, kudula, kuboola malo a zogwirira. Nsaluyo tinkaiyanika kaye padzuwa kuti ifewe, ndiye kuikoka bwino, kupaka guluu, kukhomera kumbuyo. Ntchito imeneyo inandilowa m'manja. Mpaka lero mdzukulu wanga akandinyamula pa galimoto yake, ndimapezeka ndikusisita chitseko kufuna pamene pakhwepa.

Zaka ziwiri zija zinadutsa ine ndisanagule pulawo. Ndinati ndionjezeko china, kenaka china. Pakati pake Damiyano ananditsatira. Anapeza ntchito yolemba katundu m'sitolo, ndipo tinkagona mabedi oyandikana. Ine ndinasangalala ngati ndabwerera kumudzi. Koma Damiyano anali ndi mutu wa sukulu ndi mtima wamoto. Posakhalitsa anayamba kupita kumisonkhano ya anthu okana Chitaganya, ndipo Loweruka ankayenda m'mahositelo kusonkhanitsa anthu akwathu. Ndinamuchenjeza kuti ife ndife alendo, chitupa chathu chili m'manja mwa mabwana. Iye anayankha kuti ngakhale kwathu ndife alendo, malo abwino onse a fodya ali ndi azungu.

Chaka chimene zinthu zinavuta, pa galaji panayamba kubwera magalimoto akuda opanda chizindikiro, oyendetsedwa ndi anthu ovala zovala wamba. Kapitawo anatiuza kuti tichotse mabolodi a zitseko zakumbuyo, tiike atsopano osaboola paliponse. Pasakhale chogwirira, pasakhale chopukusira galasi. Chitseko chizitsegulidwa ndi munthu wakunja yekha. Sanatiuze kuti magalimotowo ndi a ndani, koma panalibe wofunsa. Che Amidu anadula bolodi yoyamba, ine n'kukoka nsalu. Zinatuluka zosalala bwino, zopanda khwinya.

Madzulo ake ndinamuuza Damiyano tikudya, monga munthu amanenera za kuntchito. Iye anasiya kudya.

"Akulu, mukudziwa amene adzakhale kumbuyoko?"

Ndinati akuba ndi zigawenga. Iye anasamba m'manja n'kutuluka panja.

Anamugwira Loweruka masana, pachipata cha hositelo, anthu akuona. Ine ndinali kuchapa kumpopi pamene wina anandifuulira kuti mng'ono wanu amutenga. Ndinathamanga thovu lili m'manja. Ndinapeza atamulowetsa kale kumpando wakumbuyo, munthu wina akutseka chitseko. Damiyano anandiona ndipo ankafuna kundiuza kanthu. Ndinaona phewa lake likuyenda, dzanja likupapasa pansi pa galasi, uku ndi uku, kufuna chopukusira. Kenaka dzanjalo linaima. Anayang'ana chitsekocho, n'kuyang'ana ine. Milomo yake sinayendenso. Galimoto inanyamuka.

Masabata otsatira ndinayenda m'malo onse amene anthu ankati omangidwa akusungidwako. Ndinkanyamula buledi, shuga ndi bulangete lake. Kulikonse ankandibweza pachipata, ndipo pena anandilemba dzina ndi kumene ndimagwira ntchito, zimene zinandichititsa kugona ndi nsapato kumapazi kwa masiku ambiri. Lolemba lililonse magalimoto akuda ankabwerabe. Ndinauza che Amidu kuti manja anga akukana. Iye anati ndikakana, kapitawo alemba pachitupa changa, ndipo amene adzakhale kumbuyo kwa chitseko chotsatira ndine. Anatinso womanga munthu ndi munthu mnzake, osati bolodi. Mawuwo sananditonthoze, koma ndinatenga guluu n'kupitiriza. Kumudzi kunali mkazi, mwana ndi amayi okalamba, ndipo tsopano wotumiza ndalama ndinatsala ndekha.

Patapita miyezi ndinamva kuti Damiyano ndi anzake awathamangitsa m'dzikomo, awaperekeza mpaka kumalire, ndipo wafika kumudzi ali moyo. Ndinapita kutchalitchi kukathokoza. Ndinamulembera kalata, sanayankhe. Makalata a Esinati ankabwerabe, olembedwa ndi mphunzitsi wina, koma anafupika kwambiri. Tili bwino, Malita akukula, ndalama talandira. Ine ndinkaganiza kuti mphunzitsiyo ndi waulesi.

Chimene chinanditsegula maso ndi munthu wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene ankabwerera kwawo atamaliza ntchito. Mwa chizolowezi chathu, wopita kumudzi ankanyamulira anzake timaphukusi. Ndinamutengera nsalu ya Esinati ndi kadiresi ka Malita. Iye anaika manja kumbuyo.

"Katundu wanu tumizani ndi apolisi anzanu," anatero. "Ine ndili ndi nyumba ya udzu."

Ndinamuumiriza kuti alankhule bwino. Anandiuza kuti ku Chiparamba konse kukudziwika kuti Lukasi, ndiye ine, amagwira ntchito ndi apolisi ku Halale, amawakonzera magalimoto ogwirira anthu, ndipo anapereka mng'ono wake weniweni. Anati nkhaniyi ndi yakale, ngakhale ana akuidziwa.

Mwezi umenewo sindinaumalize. Ndinatsanzika che Amidu, amene anandipatsa chitsulo chake chotsompholera mabolodi ndi singano zokhota. Ndinakweza njinga imene ndinali nditagula padenga la basi. Ulendo wonse, kudutsa Lusaka, kutsika mapiri a ku Luangwa, sindinadye kanthu, ndinkangomwa madzi. M'basimo anyamata ankaimba nyimbo za chipani ndipo ankakamba za nyumba ya kazitape wina imene inatenthedwa ku Petauke. Wina anandifunsa kwathu ndi kumene ndinkagwira ntchito. Ndinati ndimasoka mipando. Anaseka, nati ndidzasoke mpando wa mtsogoleri wathu dziko likamasuka.

Ku Fort Jameson ndinapita ku komboni ya Kapata kwa azakhali anga, kumene aliyense wa kwathu ankafikira. Anandipatsa madzi ndili chiimire pabwalo. Maso awo anali kwa anthu oyandikana nawo. Anati kuli bwino ndipitirire dzuwa likadalipo.

Ndinafika m'mudzi dzuwa litapendeka. Zaka zonse zija ndinkalota tsiku limeneli: ana akuthamangira njinga, amayi akululutira, anthu akudzaza pakhonde kudzaona bokosi la munthu wa ku Halale. Ana anathamangadi, koma amayi awo anawaitana, ndipo anabwerera mmodzimmodzi. Amuna amene anali pansi pa mtengo anandiyankha moni ndi mphuno. Pakhomo panga, pamene panali nkhokwe, panali mizati yakuda yaifupi, udzu utamera kale pakati pake.

Esinati anatuluka m'nyumba, anagwada, anandilonjera monga mwa mwambo. Anali ataonda, khosi litatalika. Kumbuyo kwake kunabisala kamtsikana kamene kanali ndi mphumi ya atate anga. Ndinafunsa za nkhokwe. Esinati anati inapsa chaka chatha, chimanga chili momwemo. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuze m'kalata. Anati kalata imalembedwa ndi dzanja la munthu wina, ndipo munthu wina ali ndi pakamwa pake.

Amayi anabwera ndi ndodo yawo, anandigwira kumaso, analira mosatulutsa mawu. Damiyano sanabwere, ngakhale nyumba yake inali yoonekera pakhomo panga. Ndinamva kuti tsopano ndi mlembi wa chipani m'dera lathu lonse, ndipo anthu amamupatsa ulemu chifukwa analawako ndende.

M'mawa mwake kunabwera anyamata atatu ndi zibonga. Sanakhale pansi. Anati madzulo ndikaonekere kumsonkhano, pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi sukulu. Atachoka, Esinati anayamba kumanga timitolo ta zovala za Malita n'kukaika kwa amayi. Tonse tinkaona udzu wa padenga.

Anthu anabwera ambiri kuposa a pamaliro. Wapampando anali telala wina amene kale tinkaimba naye kwaya. Pambali pake panakhala Damiyano, maso ali pansi. Anandiimika pakati. Wapampando anafunsa ngati ndi zoona kuti ndinkakonza magalimoto ogwirira anthu. Ndinati ndi zoona kuti zitseko za magalimotowo zinadutsa m'manja mwanga, ndipo ndinafotokoza mmene ntchitoyo inabwerera ndi chimene chikanandichitikira ndikanakana. Sindinamalize. Anthu anayamba kusokosera, wina kumbuyo anati wavomera yekha, tikudikiranso chiyani. Ndinaona anyamata aja akusendera pafupi. Ndinafunafuna Esinati pakati pa amayi ndipo ndinamuona atakhala payekha, mpata utamuzungulira mbali zonse, ngati pamene pagwa mphezi.

Wapampando anakweza dzanja, nati mwini nkhani alankhule. Damiyano anaimirira pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane.

"Zimene ndinanena nditangofika ndi zoona," anatero. "Chitseko chimene chinanditsekera anakonza ndi akulu angawa. Ndinanena ndili ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo sunathe. Koma kuti anandipereka, ine sindinanenepo. Dzina langa apolisi analitenga pamsonkhano, pamene ndinalankhula ndekha pamaso pa anthu. Mawu enawo anamera m'njira, ine ndinawamva, ndipo sindinawazule."

Anakhala pansi. Mkulu wina anatsokomola, nati nkhani ya pachibale ndi yovuta, mlendo asaikepo mlomo. Wapampando anaoneka ngati munthu amene amutula katundu. Anati ndigule kadi la chipani, ndizibwera kumisonkhano, anthu aone mtima wanga. Kenaka anayambitsa nyimbo. Panalibe amene anati ndine wolakwa, panalibenso amene anati ndine wosalakwa. Za nkhokwe sanatchule ndi mmodzi yemwe.

Tikubwerera ndinauza Esinati kuti tisamuke. Ndinati ku Kapata ndingapeze ntchito kwa amwenye a malole, kapena tipite kwao ku Madzimoyo. Iye anayamba kundiuza, ndi mawu ofatsa ngati akunena za munthu wina. Anati kuchitsime akafika, amayi ankaleka nkhani n'kumusiyira malo. Anati anafulula mowa wa dima kuti anthu amuthandize kupalira, mowawo unasasa m'mbiya osabwera munthu. Malita atadwala malungo aakulu anamubereka yekha mpaka kuchipatala cha m'tauni, ngolo za anthu a m'mudzi mwathu zikumupitirira pamsewu. Abale ake anabwera kudzamutenga, iye anakana, poopa kuti akachoka nyumba ipsa ndipo amayi atsala opanda wowatungira madzi.

"Ndinakhala pano onse atandifulatira," anatero. "Ndichoke lero kuti anene kuti tathawa? Inu pitani ku Kapata m'mawa, madzulo muzibwera. Njinga mwagula."

Ine ndinkayesa kuti amene anavutika ndi kusungulumwa ndine, pakati pa anthu a zilankhulo zina. Sindinaganizepo kuti munthu angakhale yekha chotero m'mudzi mmene aliyense amamudziwa dzina.

Ndinachita monga ananenera. Ndinapeza malo pakhonde la sitolo ina ku Kapata, n'kumasoka mipando ya malole ndi kukonza zitseko za magalimoto a amalonda. Chimanga chitayandikira kucha ndinadula nsungwi kuti ndiluke nkhokwe ina. Tsiku loimika mizati, Damiyano anatulukira ndi nkhwangwa paphewa. Anati, "Mwadzuka bwanji, akulu," n'kuyamba kukumba dzenje. Tinagwira ntchito mpaka masana osakamba za Halale. Sitinakambepo za kumeneko mpaka iye anamwalira, tonse tili ndi imvi.

Tikuluka, panjira panadutsa mayi wina wa nyumba yachitatu kuchokera pathu, mtsuko uli pamutu. Anaima, anayang'ana Damiyano, anayang'ana nkhokwe, kenaka anati, "Mwaswera bwanji, amake Malita?" Esinati anali kuponda dothi lomatira. Anayankha bwinobwino, anafunsanso za ana, za mwendo wa amuna ake. Mayiyo atapita, Esinati anandiuza chapansipansi kuti aka n'koyamba kumulonjera chichokereni Damiyano kundende, ndipo amene anayatsa nkhokwe yathu ndi mwana wamwamuna wa mayi yemweyo. Anamuona ndi maso ake akuthawira m'chimanga.

Ndinafunsa chifukwa chimene sananene pamsonkhano paja, anthu onse ali pomwepo.

"Onse aja akudziwa," anatero. "Ndikananena, mawa lake tikanakatunga kuti madzi?"

Anapitiriza kuponda dothi.

Banja limenelo takhala nalo moyandikana moyo wathu wonse. Tabwerekana makasu, tadyerana maukwati. Mnyamata uja anakula, anakwatira, anakhala mkulu wa mpingo. Sanapepesepo, ndipo ife sitinamufunsepo. Amayi anga atamwalira, iye ndi amene anayamba kufika kumanda m'mamawa ndi khasu lake, ndipo anakana kupuma mpaka dzenje litatha. Esinati anamutengera madzi osamba m'manja.